Bomba Likaphulika Pansi pa Phiri, Akazitape Amadziwa Bwanji?

Pa 9 October 2006, dziko la North Korea linalengeza kuti laphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya. Linaphulitsira mumphanga yokumbidwa pansi pa phiri ku Punggye-ri, komwe wasayansi wakunja sakanaloledwa kupondako. Ndiye mayiko ena akanadziwa bwanji kuti zachitikadi, osati kungoopseza?

Mboni yoyamba ndi nthaka. Bomba likaphulika pansi, makina oyezera zivomerezi amalimva ngakhale ali pa mtunda wa makilomita masauzande ambiri. Koma kagwedezedwe kake n'kosiyana. Chivomerezi, monga chija cha ku Karonga mu 2009, chimachitika miyala ikuluikulu ya pansi pa nthaka ikakhulana n'kutsetsereka, ndipo chimatulutsa kwambiri mafunde ogwedeza nthaka uku ndi uku, otchedwa S. Bomba limakankha miyala mbali zonse nthawi imodzi, choncho amene amakula ndi mafunde okankha, otchedwa P. Katswiri akangoona mizere ya pa kompyuta amasiyanitsa.

Komatu zimenezi sizikwanira. Kuphulika kwa mu 2006 kunali kochepa, moti ena anakayikira kuti mwina angounjika mabomba wamba. Apa m'pamene mpweya unaulula. Maatomu a uranium kapena plutonium akamasweka amatulutsa gasi wotchedwa xenon, yemwe sagwirana ndi miyala kapena dothi. Amangotulukira m'ming'alu n'kupita ndi mphepo. Koma pamafunika changu, chifukwa theka la xenon-133 limatha pa masiku pafupifupi 5 alionse. Pa 16 October, akuluakulu a zaukazitape ku America analengeza kuti mpweya womwe anatapa pa 11 October unali ndi zizindikiro za nyukiliya, ndipo bombalo silinafike mphamvu ya matani 1,000 a TNT. Patatha pafupifupi milungu iwiri chiphulikireni, siteshoni ya bungwe la CTBTO ku Yellowknife, m'dziko la Canada, inapezanso xenon. Tangoganizani, gasi kuwoloka nyanja yonse ya Pacific!

Chovuta kwambiri n'kudziwa za bomba lomwe silinaphulike. Setilaiti imajambula magalimoto ndi milu ya dothi pakhomo la mphanga, koma siiona zam'kati, ndiponso siidziwa zomwe mtsogoleri akuganiza. Zikatero akazitape amadalira makalata ndi anthu owatsina khutu, ndipo apa m'pamene amapunthwa kawirikawiri. Nkhondo ya ku Iraq isanayambe mu 2003, panamveka zoti dzikolo linkafuna kugula uranium ku Niger. Bungwe loona za nyukiliya la IAEA litaunika makalata ena okhudza nkhaniyi, mkulu wake Mohamed ElBaradei anauza United Nations pa 7 March kuti anali achinyengo. Nkhondo inayambabe mwezi womwewo, ndipo bomba la nyukiliya silinapezeke ku Iraq.