Ana a ku Hannover anandileranso

Amene anandiperekeza ku Chileka tsiku lomwe ndinkanyamuka, akanakumana nane chaka chotsatira pa Kröpcke, pakatikati pa mzinda wa Hannover, akanandidutsa osandizindikira. Wa ku Chileka uja anali mtsikana wa ku Chilomoni, chikwama chodzaza ufa, nyemba ndi tiyi wa ku Thyolo, jekete la pa kaunjika lili m'khwapa, mumtima akuti ndikupita kukaphunzitsa ana a azungu. Wa pa Kröpcke uja anali ataima ndi njinga pansi pa wotchi yotchuka ya pamalopo, chipewa cholimba kumutu, akung'ung'udza kuti mnzake wachedwa ndi mphindi 4. Onsewo ndine, ndipo mpaka lero ndikamawaika pamodzi ndimaseka ndekha.

Ndinapita ku Germany kudzera m'pologalamu ya boma la kumeneko yotchedwa weltwärts. Inayamba mu 2008 potumiza achinyamata a ku Germany kukagwira ntchito yodzipereka m'maiko ngati athu ano, ndipo kuyambira 2013 nafenso timaloledwa kupita kwawo. Ine anandiika pa sukulu ina ya pulayimale ku Hannover, mzinda womwe wakhala pa ubale ndi Blantyre kuyambira 1968. Nditamva za ubalewo ndinati basi, ndikupita kwa abale.

Abalewo ndinayamba kuwapatsa moni m'sitima ya mumzinda m'mawa woyamba. Ndinalonjera agogo ena, ndinalonjera bambo wa nyuzipepala, ndinalonjeranso mayi amene anali ndi galu pamiyendo. Amene anandiyankha ndi galuyo. Nditafika kusukulu, mayi mphunzitsi wamkulu anandipatsa makiyi. Ndinalandira ndi manja awiri, maondo nditapinda monga mwana woleredwa bwino. Iwo anawerama nawo n'kuyamba kufunafuna pansi, akuganiza kuti ndagwetsa kanthu.

Belu linkalira 8 koloko, ndipo ine ndinkalowa litalira kale, ndili phee, poti kwathu mphindi 10 sitizitcha kuchedwa. Tsiku lachitatu kamtsikana ka zaka 7 kanandigwira dzanja, kanandikokera pa wotchi ya pakhoma, n'kuloza muvi wautali osanena kanthu. Kamnyamata kena kanaloza nsapato zanga. Ana onse ankavula nsapato pakhomo la kalasi n'kuvala masilipasi, ine ndekha ndinkaponda ndi matope anga pomwe iwo amakhala pansi pomvera nthano. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pa sukulu imeneyi mwana wa sitandade 1 ndine.

Kunyumba komwe ankandisunga nako kunali sukulu. Madzulo oyamba mayi a panyumbapo anaika patebulo buledi wakuda, tchizi, nkhaka ndi nyama yozizira yodulidwa mopyapyala ngati pepala. Ndinangolawa pang'ono, kusungira malo chakudya chenicheni. Ndinadikira mpaka anatsuka mbale, anazimitsa magetsi, anandifunira usiku wabwino. Safunsa anadya phula, koma ine ngakhale phulalo sindinalione. Lamlungu loyamba ndinatenga kachikwama kuti ndikagule sopo, ndinapeza masitolo onse otseka, msewu uli zii ngati kwagwa maliro a mfumu. Zinyalala nazo zinali ndi mafuko: mapepala kwawo, makoko a mbatata kwawo, mapulasitiki kwawo, mabotolo agalasi kwawonso, oyera paokha, obiriwira paokha. Kwa milungu iwiri ndinkataya mabotolo apulasitiki a madzi, mpaka mwana wa m'nyumbamo anawavuula m'bini akundiyang'ana ngati ndawotcha nkhokwe. Botolo lililonse ukalibweza m'makina a kusitolo amakupatsa masenti 25. Ndinali kutaya ndalama masana dzuwa likuswa mtengo!

Kenako dzuwalo linathawa. Pofika Disembala linkatuluka nthawi itapitirira 8 koloko n'kulowa cha m'ma 4 koloko masana. Jekete langa la pa kaunjika, lomwe ku Chilomoni linkandichititsa thukuta mu Juni, kumeneko linali ngati chitenje chonyowa. Chonsecho aphunzitsi ankati pakapita nthawi pang'ono, mawindo onse kwang'a, kuti mpweya wabwino ulowe. Ana ali gwa, ine mano ali gwedegwede. Pa nthawi yopuma ankatuluka panja ngakhale kukuwaza mvula, ndipo ine ndinkayenera kuwayang'anira. Usiku wina ndinalira pa foni, amayi anangoti, "Mwanawe, kwa eni uyenda umaweteka. Funsa."

Ndinayamba kufunsa, ndipo ndinkafunsa ana, chifukwa mwana sakubisira. Ukalakwitsa mawu a Chijeremani wamkulu amangomwetulira, koma mwana amaseka mpaka kugubuduka, kenako n'kukubwerezetsa kasanu. Anandiphunzitsa kuvala zovala zosanjikiza ngati anyezi. Anandiphunzitsa kuti loboti ikakhala yofiira umaima, ngakhale msewu utakhala wopanda ndi mphaka yemwe. Ine woleredwa ndi misewu ya ku Limbe, komwe timaoloka mokambirana ndi maminibasi, ndinadzudzulidwa ndi ana 20 nthawi imodzi phazi langa litangotsika pamsewu. Ana a sitandade 4 akamakonzekera mayeso awo oyendetsa njinga, omwe apolisi amabwera kudzaonerera, nanenso ndinkakhala pamzere, kuphunzira kutambasula dzanja pokhota ndi kuyenda kumanja kwa msewu, osati kumanzere ngati kwathu.

Koma mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tsiku lina lozizira, ana ataunjikana pakona ngati anapiye, ndinatola mapepala apulasitiki ndi chingwe n'kumanga mpira wachikulunga. Ndinawagawa magulu awiri n'kuwaonetsa fulaye. Belu linalira, palibe anamva. Mlungu wotsatira zinali phada, kenako ndinakumba maenje mumchenga n'kuwaphunzitsa bawo ndi timiyala. Ufa wanga utatha ndinapeza wina m'kasitolo ka zakudya za ku Africa, ndinaphikira kalasi yonse nsima ya nyemba ndi kabichi. Ndinaletsa mafoloko. Mukanaona ana amene anandiphunzitsa kuwerenga wotchi akulephera kukanda mbamu, nsima ili m'zigongono, ili m'tsitsi, mphunzitsi wawo akupempha mtanda wachiwiri! Tsiku limenelo ndinabweza ngongole ya kusekedwa konse.

Moni uja ndinam'kakamira. M'sitima ndinasiya, koma pakhomo la kalasi ndinkaima m'mawa uliwonse n'kulonjera mwana aliyense payekha, kufunsa za kunyumba, za agogo, za mng'ono wake amene anali ndi chimfine. Poyamba ankandiyang'ana modabwa kuti ndikufufuza chiyani. Pofika Malichi ankaima okha pamzere, wina aliyense ndi "Mwadzuka bwanji?" wake wopindika, ndipo ukam'dumpha mmodzi ankadandaula tsiku lonse.

Pofika Juni, dzuwa likulowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndinali munthu wina. Ndinkafika kusukulu kusanakwane 7:45, masilipasi anga ali pa shelefu pakati pa a ana. Ndinkadutsa m'nkhalango ya Eilenriede pa njinga, Loweruka n'kukazungulira nyanja ya Maschsee, yomwe kwa munthu wodziwa Mangochi ndi dziwe chabe, koma sindinawauze. Sopo ndinkagula Loweruka. Buledi wozizira uja ndinkamudya madzulo n'kugona tulo tabwino. Ndinafika mpaka potsegula mawindo ndekha m'kalasi n'kunena kuti mpweya waipa.

Vuto linabwera nditabwerera. Chinkhoswe cha msuweni wanga chinali cha 2 koloko. Ndinafika kutatsala mphindi 10, ndinapeza akuthamangitsa nkhuku, ndipo anandipatsa mpeni ndi mbale ya anyezi. Pa maloboti a m'tauni ndinaima ndekhandekha, anthu akundilambalala, wina n'kufunsa ngati ndikudwala. Kuseri kwa nyumba ndinaika ndowa zitatu za zinyalala, amayi anatenga ziwiri n'kukatungira madzi.

Tsiku lina m'mawa ine ndi amayi tinakumana ndi mayi a pafupi nafe panjira ya kumsika. Moni unayamba: za ulendo, za kuzizira, za ana, za mwendo wawo umene sukupola. Ine osadziwa, maso anatsikira padzanja. Amayi anandimenya kakhofi pa wotchipo. "Iwe, ana a eni unawaphunzitsa moni, ndiye wako unausiya komweko?" Ndinavula wotchiyo n'kuiponya m'chikwama, ndipo tinaima pamenepo mpaka nkhani ya mwendo inatha. Kuntchito ndimaivala, ndipo sindichedwa. Koma ndikangokhota njira ya ku Chilomoni imabwerera m'chikwama.