M'mera Mpoyamba: Maso a Khanda Sadikira

Makolo ambiri akaona kadontho koyera pakati pa diso la khanda amati: "Mwanayu wacepa, ayambe wakula, tidzapita naye kucipatala m'tsogolo." Mau amenewa acokera m'cikondi, pakuti palibe mai amene afuna kuti mpeni wa dokotala ukhudze diso la mwana wa milungu itatu. Koma pa nkhani ya maso, kudikira kumaononga zimene ngakhale dokotala sangathe kubweza.

Cifukwa cake n'cakuti mwana sabadwa wodziwa kupenya. Nchito ya diso ndiyo kulandira kuwala ndi kutumiza uthenga ku mbali ya ubongo imene ili kunkhongo. Ubongowo ndiwo umaphunzira pang'onopang'ono kuti iyi ndi nkhope ya amai, uwu ndi moto. Khanda la masiku ocepa limaona bwino pamtunda wa masentimita 20 kapena 30 okha, monga kucokera pabere kufika pankhope ya amake. Pofika miyezi itatu limatsata ndi maso cinthu coyenda. Maphunziro amenewa ali ndi nyengo yake, monga mbeu zili ndi nyengo yobzala.

Amene anatsimikiza zimenezi ndi David Hubel ndi Torsten Wiesel, akatswiri a pa Harvard ku America. M'zaka za m'ma 1960 iwo anasoka cikope ca diso limodzi la tiana ta amphaka, n'kudzalitsegula patapita miyezi. Diso linali lamoyo ndithu, koma mphakayo sanali kuona nalo. Atapima ubongo anapeza kuti malo a diso lotsekedwa analandidwa ndi diso linzake, monga munda wosiyidwa umene mnansi walowamo ndi khasu. Amphaka akuluakulu atawacita cimodzimodzi, maso ao sanaonongeke. Nyengo yoopsa kwa tianato inali kuyambira mlungu wa 4 mpaka kutha kwa mwezi wa 3. Pa nchito yao yofufuza za kapenyedwe, awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1981.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa ng'ala ya agogo ndi ng'ala ya khanda. Agogo angakhale ndi ng'ala zaka zisanu, koma ikacotsedwa amaonanso m'mawa mwake, popeza ubongo wao unaphunzira kale. Khanda lobadwa ndi ng'ala silinaphunzirepo kanthu. Ncifukwa cake madokotala amafuna kucotsa ng'ala ya diso limodzi mwana asanapitirire milungu 6, ndipo ikakhala m'maso onse awiri, isanathe milungu 10. Mwana wa diso loyang'ana kumbali alinso pangozi yomweyi: ubongo umaleka kumvera diso lopotokalo. Mankhwala ake ndi magalasi, ndiponso kuphimba diso labwino kwa maola angapo tsiku lililonse kuti lofookalo ligwire nchito. Njira imeneyi imathandiza koposa mwana asanakwanitse zaka 7.

Nanga wocedwa kumcotsa ng'ala amaona ciani? Mu 1728 dokotala wa ku London, William Cheselden, analemba za mnyamata wa zaka pafupifupi 13 amene anamcotsa ng'ala. Poyamba mnyamatayo anayesa kuti zinthu zonse zikumkhudza m'maso, ndipo sanathe kusiyanitsa mphaka ndi galu mpaka atawagwira ndi manja. Ku India, gulu la Project Prakash lotsogozedwa ndi Pawan Sinha linalengeza mu 2011 za ana asanu a zaka 8 mpaka 17 amene anali atangowacita opaleshoni ya maso. Cinthu cimene anacigwira m'manja osaciona, sanathe kucizindikira ndi maso. Patapita masiku owerengeka anayamba kukhoza. Izi zitikumbutsa wakhungu wa ku Betsaida wa m'mutu 8 wa Mthenga Wabwino wa Marko Woyera, amene poyamba anaona anthu ngati mitengo, kufikira Ambuye Yesu atamsanjikanso manja. Motero mwana wocedwa tisamtaye mtima, atengedwe ndithu kucipatala. Komabe maso ake kawirikawiri safika pa a mnzake amene anathandizidwa ali khanda.

Inu makolo, penyetsetsani maso a mwana pamene mukumsambitsa ndi pomuyamwitsa. Mukaona pakati pa diso payera, maso akunjenjemera, cikope cagwa n'kutseka diso, diso likupotokabe atapitirira miyezi inai, kapena mwana wa miyezi itatu satsata nkhope yanu, uzani anamwino ku sikelo mlungu womwewo. Iwo adzakutumizani kwa madokotala a maso, monga a ku UTH ku Lusaka kapena a ku Kitwe. Kuyera kwa diso nthawi zina ndi cizindikiro ca khansa imene ingathe kupha mwana. Musadonthezemo madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'mawere. Musaphonyenso katemera wa cikuku ndi rubella, pakuti rubella ikagwira mai wapakati, mwana angabadwe ndi ng'ala.

Kawirikawiri cimene cimacedwetsa banja ndi ndalama ya ulendo. Akhristu a m'Mphakati akasonkha ya basi lero, angapulumutse maso amene mwanayo adzawerengera nao pasukulu. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.