Liwiro lolembedwa pa katoni si limene kompyuta yanu idzathamange

Mnyamata wina wojambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe pa Liwonde analandira kaphukusi kuchokera kwa amalume ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Kwa miyezi ingapo anali akuwadandaulira pa WhatsApp kuti laputopu yake ya kaunjika ikumuchedwetsa. Ankaiyatsa, n'kupita kukatunga madzi osamba, pobwera n'kupeza ikadazungulirabe. Amalumewo anamva chisoni, analowa m'sitolo n'kufunsa chosungira mafayilo chothamanga kuposa zonse.

M'kaphukusimo munali kachipangizo kopyapyala, kotalika ngati chala cha mkombaphala. Pa katoni pake panalembedwa kuti kamawerenga ma MB 7,000 pa sekondi imodzi. Mnyamatayo anathamangira nako kwa wokonza makompyuta. Mkuluyo anamasula tizitsulo ta kunsi kwa laputopu, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenaka anapukusa mutu.

"Achimwene, katunduyu ndi wabwino zedi, amalume anu sanaumire," anatero. "Koma m'kompyuta mwanumu mulibe polowera pake."

Zotere zikuchitika kawirikawiri m'matauni athu, kuyambira pa Ntaja ndi Nsanama mpaka pa Ulongwe ndi Balaka. Anthu amva kuti SSD, chosungira mafayilo cha mtundu wa kachipangizo kaja, imatsitsimutsa kompyuta yotopa, ndipo ndi zoona. Chimene ambiri sanauzidwe n'chakuti ma SSD ali mitundu ingapo, ndipo nambala ya pa katoni ndi imene chipangizocho chimafika zinthu zonse zikakhala bwino, osati pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Mbale yozungulira ndi tchipisi tosayenda

Hard disk ya masiku onse ili ndi mbale zachitsulo zimene zimazungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5,400 pa mphindi. Pamwamba pa mbaleyo pamayenda kamkono kofufuza pamene fayilo yalembedwa. Luso limeneli ndi lakale. Kampani ya IBM inatulutsa hard disk yoyamba mu 1956, yaikulu ngati mafiriji awiri, koma yosunga ma MB osapitirira 5, malo ongokwanira nyimbo imodzi ya masiku ano.

Mu SSD mulibe chozungulira. Mafayilo amasungidwa m'tchipisi ta mtundu womwe uja uli mu fulashi ndi m'memory card ya foni. Luso la tchipisi timeneti linachokera kwa Fujio Masuoka, katswiri wa ku kampani ya Toshiba ku Japan, m'zaka za m'ma 1980. Popeza palibe kamkono koti kayende, SSD imapeza fayilo mofulumira pafupifupi maulendo 100 kuposa hard disk. Ndiponso sichita mantha ndi mabampu. Laputopu imene imakwera kabaza tsiku lililonse pa msewu wafumbi wopita ku Utale imakhala pa mtendere ikakhala ndi SSD, pamene hard disk ikagwedezeka ili mkati mozungulira, kamkono kaja kangathe kukanda mbale n'kuwononga zonse.

Polowera pake ndiye mwini nkhani

Amene anaimapo pa Kamuzu Barrage amadziwa kuti madzi a mu Shire, ngakhale achuluke bwanji kumtunda, amadutsa molingana ndi zitseko zimene zatsegulidwa. Kompyuta nayo ili ndi zitseko zake.

Chitseko chakale chimatchedwa SATA. SSD yolowera pamenepa ndi kabokosi kofanana msinkhu ndi hard disk ya laputopu, ka mainchesi 2.5, ndipo imangolowa pamene mwachotsa yakaleyo. Malire ake ndi ma MB pafupifupi 550 pa sekondi. Hard disk ya laputopu nthawi zambiri imangofika cha m'ma 100. Makompyuta akale kwambiri, okhala ndi SATA ya m'badwo wachiwiri, amaima pa theka la 550 ija.

Chitseko chatsopano chimatchedwa M.2, ndipo ma SSD othamanga kwambiri olowera pamenepa amalankhula ndi kompyuta m'njira yotchedwa NVMe, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 2011. Amadutsa m'misewu ya mkati mwa kompyuta yotchedwa PCIe. M'badwo wachitatu wa misewuyi umapereka ma MB pafupifupi 3,500 pa sekondi, wachinayi 7,000, ndipo wachisanu umayandikira 14,000. Mukaika SSD ya m'badwo wachinayi m'kompyuta ya m'badwo wachitatu, imagwira ntchito ndithu, koma pa 3,500. Malaputopu ena amangotsegula misewu iwiri m'malo mwa inayi, ndipo liwirolo limadulidwanso pakati.

Msampha waukulu uli apa: M.2 ndi maonekedwe chabe. Pali ma SSD a M.2 amene mkati mwake ndi SATA, ndipo pali a NVMe. Amafanana ngati mapasa. Kawirikawiri a SATA amakhala ndi mipata iwiri pa mano ake agolide, a NVMe umodzi. Makompyuta ena amalandira onse awiri, ena mtundu umodzi wokha. Utali nawo umasiyana. Nambala yakuti 2280 imatanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, koma malaputopu ang'onoang'ono ena amafuna 2242 kapena 2230. Kuonjezera apo, makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2015 satha kuyaka kuchokera pa NVMe, ndipo Windows 7 siizindikira popanda kuionjezera pulogalamu yapadera. Makompyuta a zaka zimenezo ndi amene adzaza m'masitolo olembera makalata ndi kusindikiza ziphaso, m'malo othirira nyimbo, ndi m'nyumba za aphunzitsi ambiri.

Sitima ya malasha ndi kabaza

Tiyerekeze kuti zonse zalowa bwino. Kodi kompyuta idzafulumira maulendo 13 kuposa ya SATA, monga manambala akunenera? Ayi.

Sitima ya malasha yochokera ku Moatize imadutsa pa Nkaya ndi Liwonde kulowera ku Nayuchi itanyamula katundu wamtundu umodzi, wochuluka, pa njanji imodzi. Umo ndi mmene fayilo yaikulu, monga kanema wa ukwati wa maola atatu, imayendera. Nambala ya pa katoni imayeza ulendo wotere. Koma ntchito zambiri za kompyuta zili ngati kabaza wa m'tauni ya Balaka: uyu mukamutule kumsika, uyu kuchipatala, uyu kusiteshoni, timaulendo tating'onoting'ono tosatha. Poyatsa Windows, potsegula Word kapena Chrome, kompyuta imatola timafayilo zikwizikwi tomwazikana. Pa ntchito imeneyi hard disk imalephera kukwanitsa ngakhale MB imodzi kapena ziwiri pa sekondi. SSD ya SATA imachita makumi atatu kapena anayi. NVMe yodula ija nthawi zambiri siipitirira 100.

N'chifukwa chake munthu wochoka pa hard disk kupita pa SSD ya SATA amadabwa ngati wagula kompyuta ina, pamene wochoka pa SATA kupita pa NVMe amangopindula masekondi ochepa poyatsa. Phindu lenileni la NVMe limaonekera kwa amene amasuntha mafayilo akuluakulu tsiku lonse. Ku Balaka, tauni ya Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, kumenenso kuli Montfort Media ndi Luntha TV, anthu a ntchito yojambula mawu ndi makanema alipo ndithu, ndipo iwo angaone kusiyanako. Komabe nawonso adziwe kuti pomaliza kanema, ntchito yaikulu imagwera purosesa. Laputopu ya purosesa yofooka ndi RAM ya ma GB 4 idzachedwabe ngakhale muikemo SSD yamtengo wapatali.

Kutentha kwa mu Okutobala

Pali zinthu ziwiri zimene katoni sanena. Choyamba, ma SSD ambiri otsika mtengo amapatula kagawo kochepa kolandirira mafayilo mwachangu. Kagawoko kakadzaza, liwiro limagwa. Mukamakopera mafayilo a ma GB 100, poyamba mumaona manambala okondweretsa, koma pakapita kanthawi ma SSD ena amatsika mpaka kufanana ndi hard disk. SSD ikatsala pang'ono kudzaza, kagawo kameneka kamachepanso, choncho ndi nzeru kusiya malo opanda kanthu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Chachiwiri ndi kutentha. NVMe imatentha ikamagwira ntchito, ndipo ikafika madigiri 70 mpaka 80 imadzichedwetsa yokha kuti isapse. Opanga amayezera zipangizozi m'zipinda zozizira. Kuno ku chigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo m'kashopu kofolera malata kamaposa pamenepo. Fumbi likatseka fani, laputopu n'kukhalanso pa matiresi kapena pa ntchafu, liwiro lolipiridwa ndi ndalama zambiri lija limasungunuka. Kupukuta fumbi ndi kuikweza laputopu kuti mphepo izidutsa kunsi kumabweza liwiro popanda kulipira kalikonse.

Doko la USB nalo lili ndi malire. SSD yakunja yolumikizidwa pa USB 2.0 singapitirire ma MB 40 pa sekondi. Pa USB 3.0, imene nthawi zambiri imakhala ya buluu mkati, imafika cha m'ma 400.

Chikomekome cha nkuyu

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja wakwera mtengo, ndipo mtima umathamangira chotchipa. Apa ndi pamene zachinyengo zimalowera. Pali zosungira zolembedwa kuti 1 TB kapena 2 TB zimene mkati mwake muli kakhadi kakang'ono konamiza kompyuta. Mafayilo amaoneka ngati alowa, koma malo enieni akatha, atsopano amafufuta akale mwakachetechete. Wojambula amadzazindikira pa tsiku limene akuchikazi abwera kudzatenga kanema wawo.

Pali mapulogalamu aulere othandiza musanalipire kapena musanadalire chipangizo. H2testw imadzaza chosungira chonse n'kuwerenganso, motero imaulula malo enieni. CrystalDiskMark imayeza liwiro la mafayilo akulu ndi ang'ono. CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene SSD yagwira ntchito ndi moyo umene watsala, zofunika kwambiri pogula ya kaunjika, chifukwa tchipisi timatha pang'onopang'ono tikamalembedwa. Wogulitsa wachilungamo sakana kuti muyese.

Magetsi akathima

Kuno magetsi sitiwerengera. Namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawati 130, ndipo kuthimathima kunatenga miyezi yambiri. Laputopu ya batire yamoyo imatetezeka, koma kompyuta ya pa desiki yopanda UPS yosungira magetsi, kapena laputopu ya batire yakufa, imazima pakati pa kulemba, ndipo mafayilo angathe kuwonongeka.

Hard disk ikamafa nthawi zambiri imachenjeza: imalira, imakakamira. SSD ingathe kungoti zii, osaonekanso. Ndiponso fayilo yofufutidwa pa SSD imavuta kwambiri kuibweza, chifukwa chipangizocho chimasesa malowo chokha. SSD siyeneranso kukhala zaka m'kabati yotentha osalumikizidwa ku magetsi. Zolemba za sukulu, mabuku a gulu la banki m'khonde, zithunzi za ukwati wa anthu, zonsezi zikhale pawiri. Hard disk yakale imene mwachotsa ija musataye. Igulireni kabokosi ka USB, ikhale nkhokwe.

Mnyamata wa pa Liwonde uja anamvera malangizo a wokonza makompyuta. Anagula SSD wamba ya SATA n'kuiika m'malo mwa hard disk, ndipo laputopu imene inkamudikiritsa mpaka kukatunga madzi inayamba kuyaka iye asanakhazikike pampando. Mphatso ya amalume anaiika m'kabokosi ka USB, ndipo ndi mmene amanyamuliramo makanema popita kwa makasitomala. Ikuthamanga ma MB 400 m'malo mwa 7,000, koma ikugwira ntchito.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanatumize uthenga kwa m'bale wa ku Joni kapena kukwera minibasi ya ku Limbe, tembenuzani laputopu yanu, mujambule pepala la kunsi pamene palembedwa dzina ndi nambala ya mtundu wake, mumuonetse wokonza makompyuta amene mumamukhulupirira. Iye akuuzani polowera pamene mulipo, utali woyenera ndi liwiro limene makina anu angalandire. Ndalama ya m'bale wanuyo, imene waivutikira kutali ndi kwawo, igule chinthu choti chikafika chilowe.