Chibowo cha pa Boneti ya Hilux N'cha Chiyani?

Toyota Hilux ya injini ya 3.0 D-4D, yomwe idayamba kutuluka mu 2005, ili ndi chibowo pamwamba pa boneti. Ambiri amachiyesa chokongoletsa. Koma pansi pa chibowocho pagona intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochoka mu turbo usanalowe mu injini.

Ntchito ya turbo ndi kupanikiza mpweya kuti ulowe wambiri, dizilo apse bwino, galimoto ikoke. Vuto n'lakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga momwe pompa wa njinga amatenthera m'manja munthu akamapopa tayala. Galimoto ikamakoka katundu pa chitunda, mpweyawo umapitirira madigiri 100. Mpweya wotentha umafutukuka, ndiye wolowa mu injini umachepa, mphamvu n'kutsika. Intercooler imautsitsa kutentha kudzera m'timapaipi ta aluminiyamu tomwe mphepo yakunja imatiwomba.

Funso lomwe limazunguza akatswiri ndi la malo: chipangizochi chikhale pati? Subaru, pa Impreza WRX ya mu 1992, adachiika pamwamba pa injini. Mapaipi amafupika ndipo injini imamva msanga woyendetsa akaponda mafuta. Koma galimoto ikaima pa mzere wa mumzinda, kutentha kwa injini kumakwera n'kuchiwotcha. Mitsubishi, pa Lancer Evolution, adachiika kutsogolo, kuseri kwa bampala, komwe mphepo ndi yozizira ndiponso yambiri. Toyota nayo idasamutsira intercooler kutsogolo pa Hilux ya mu 2015, ndipo chibowo chija chidatha.

Kutsogolo nako kuli mtengo wake. Kumeneko kuli kale radiyeta yoziziritsa madzi a injini, komanso condenser ya makina oziziritsa m'kati mwa galimoto. Zonsezi zimadalira mphepo imodzimodziyo, ndipo radiyeta, poti imakhala kumbuyo, imalandira mphepo yofunda kale. N'chifukwa chake ena okonza magalimoto a mpikisano, monga Mazda RX-7, amapendeketsa intercooler ndi radiyeta ngati chilembo cha V, chilichonse chilandire mphepo yakeyake, yotentha ituluke kwina.

Apa ndi pomwe eni magalimoto kuno amaphonya kwambiri. Mphepo imatsata njira yophweka. Ikapeza mpata m'mbali mwa radiyeta imathawira momwemo. Timapulasitiki ndi siponji zotseka mipatayi, chikuto chozinga fani, ngakhale chipulasitiki cha pansi pa injini, zonse zili ndi ntchito yokakamiza mphepo kudutsa m'radiyeta. Komabe si zachilendo kuona makaniko atazichotsa n'kuzitaya kuseri kwa garaji, ati n'zopanda pake. Onjezerani nyali zikuluzikulu ndi nambala zotseka kukamwa kwa bampala, matope a dzinja, njere za udzu ndi tizilombo tomatirira pakati pa condenser ndi radiyeta pomwe maso safika. Galimoto yotere pa msewu wosalala imaoneka yabwinobwino. Imadzaulula m'mwezi wa Okutobala pa chitunda cha Chiweta, kapena pokwera kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre, liwiro litachepa, injini ikulira, muvi wa kutentha ukukwera.

Kuchotsa thermostat (kachipangizo kowongolera kayendedwe ka madzi oziziritsa injini), komwe ena amathamangira, sikuchiza vutoli. Madzi akayamba kuwira, mwini galimoto ayambe wayang'ana njira ya mphepo: atsuke radiyeta, condenser ndi intercooler ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbuyo, abwezeretse zotchinga zomwe zidachotsedwa, ndipo aonetsetse kuti fani ikuzungulira bwino.