Bala la Mumtima Silipola Tsiku Limodzi

Lero tikambirane za anthu awiri amene aliyense ali ndi bala mumtima, monga mayi wamasiye ndi bambo wofedwa mkazi, ndi mmene chikondi chingawachiritsire.

Ku America kuli mabuku a nkhani zopeka za chikondi, zosimba masiku akale pamene azungu ankasamukira kumadzulo pa ngolo za akavalo kukayamba midzi kutali ndi kwawo. Limodzi lotchuka ndi Love Comes Softly, limene mayi wachikhristu wa ku Canada, Janette Oke, anatulutsa mu 1979. M'bukuli muli mtsikana dzina lake Marty, amene mwamuna wake anamwalira pangozi. Anatsala ali ndi pakati, wopanda ndalama kapena mbale pafupi. Clark Davis, amene mkazi wake anamusiyira kamwana kakakazi, anamupempha ukwati kuti mwanayo apeze mayi, Marty apeze pokhala. Chikondi panalibe. Koma Clark anamusiyira chipinda, iye n'kumagona m'kachisakasa ka pambali, ndipo analonjeza kuti nyengo yozizira ikatha adzamulipirira ulendo wobwerera kwawo ngati adzafuna. Marty anayamba kumukonda chifukwa sanakakamizidwe.

Nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Mzinda wa Lusaka utakhala likulu la dziko mu 1935, anthu ochokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi ku Malawi anakhamukirako kukafuna ntchito. Ambiri anamanga tinyumba ta zidina pa minda ya azungu, n'chifukwa chake makomboni ena, monga George ndi John Laing, amatchedwa ndi mayina a eni malowo. Kumeneko kunalibe ankhoswe, kunalibe malume. Pambuyo pake kunadza Edzi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo kolera inavuta ku Kanyama mu 2017 ndi 2018. Ana athu ambiri ku Chawama, Matero, Mtendere ndi Kalingalinga anatsala okha. Amayi ena analandidwa katundu ndi achibale a mwamuna, ngakhale lamulo la mu 1989 limati munthu akamwalira osalemba wilo, magawo 20 pa 100 alionse ndi a mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ndipo magawo 50 ndi a ana. Mayi wotere ali ndi mabala awiri: imfa ndi nkhanza.

Nanga awiri ovulala akakumana, chimawachiritsa n'chiyani? Choyamba ndi ufulu. Chokolo chokakamiza sichipoletsa bala, chimalitukusa. Wamasiye akhale ndi mphamvu yokana. Chachiwiri ndi nthawi. Wofedwa amatchulabe dzina la malemu, ndipo mnzake asachite nsanje ndi manda. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachitatu ndi ntchito zing'onozing'ono: kutunga madzi, kufolera denga mvula isanagwe, kulera mwana wopeza ngati wako. Chachinayi ndi choonadi. Awiriwo apite limodzi kuchipatala kukayezetsa magazi, ndipo auzane za ngongole ndi ana onse amene alipo.

Werengani buku la Rute, mutu 2 mpaka 4. Rute anali wamasiye ndi mlendo wa ku Moabu. Boazi sanamudyere masuku pamutu. Anamulola kukunkha m'munda mwake, analetsa anyamata kumuvuta, ndipo nkhani ya ukwati anaikonza poyera, pachipata cha mudzi, pamaso pa akulu khumi.

Tsono mwana wathu wa ku komboni akatiuza kuti wapeza wofedwa mnzake, tisamuseke, tisamuthamangitsenso. Titumize ankhoswe, tidziwitse ansembe ndi amayi a Mothers' Union kuti awayendere ndi kuwalangiza.

Tipemphere: Ambuye Yesu, inu muli ndi zipsera m'manja mwanu. Polezani mitima ya amasiye, ndipo apatseni anzawo odekha. Amen.