Dzina Limodzi, Kodi Kholo Ndi Limodzi?

Pa migodi ya ku Kitwe kapena Mufulira, amuna awiri a dzina la Phiri akakumana amachulana abale. Masiku ano ena amapimitsa malovu ao pa mayeso a DNA pofuna kutsimikiza cibaleco.

Mwamuna ali yense amalandira kwa atate wace okha kanthu kochedwa Y-chromosome, kamene kamatsata mzere wa kucimuna monga dzina la banja kwa Angelezi. M'caka ca 2000, Bryan Sykes wa ku Oxford anapima amuna a dzina la Sykes, napeza kuti pafupifupi theka la iwo anali ndi zizindikiro zofanana.

Zizindikiro zikafanana kwambiri, ndiye kuti amunawo anacokera kwa kholo limodzi lacimuna, koma mayeso sachula dzina la khololo kapena caka cimene linabadwa. Zikasiyana, munthu asafulumire kuganizira amai ace za cigololo. Kale ana amasiye ndi akapolo ankatenga dzina la pa mudzi pamene anakulira. Ndiponso Acewa amawerenga mbumba kucikazi, mzere umene mayeso a Y sauona konse. Umenewo umapimidwa ndi mayeso ena, a mtDNA. Cotero pepala la mayeso liwerengedwe pamodzi ndi mbiri imene akuluakulu a kumudzi anasunga.