Nchito yolankhulilako ana pa nkhani ya maphunzilo

Mu January 2022 boma linacotsa malipilo m'masukulu ake mpaka giledi 12, ndipo caka comweco linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ana ambili anabwelela ku sukulu, koma tonse taona makalasi odzaza ndi madesiki osakwanila. Acinyamata athu ena amafunsa ngati kutsatila nkhani zotele kungakhale nchito yodyelapo. Ingakhale ndithu, koma si nchito yongokuwa pa wailesi.

Maziko ake ni kafukufuku. Bungwe la JCTR ku Lusaka limaŵelengela mwezi uliwonse ndalama zimene banja la anthu 5 lifunika pa cakudya, lendi ndi zina zofunika. Cifukwa ca manambala amenewo, manyuzipepala ndi mabungwe a anchito amakhala ndi poyambila akamakamba za malipilo. Pa maphunzilo n'cimodzimodzi. Kuyambila mu 1997, mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwelela ku sukulu akabeleka, ndipo bungwe la FAWEZA lakhala likulimbikila nkhaniyi. Koma cilolezo ca papepala sicimuika mwana m'kalasi. Pafunika munthu wopita kumudzi kukaŵelenga amene anabwelela ndi amene anatsala, kufunsa cifukwa cake, kaya ni kusoŵa womusiyila khanda, manyazi kapena cikwati, n'kulemba lipoti limene ofesi ya DEBS singalikane. Ife tiona kuti apa m'pamene pali kusoŵa kwenikweni: okamba tili nawo ambili, oŵelenga ni ocepa.

Ambili amaloŵela ku digili ya uphunzitsi, zacuma kapena zacitukuko, monga ku UNZA. Komabe pepala lokha silikwanila. Olemba nchito amafuna munthu wodziŵa kuŵelenga bajeti, kusonkhanitsa manambala pa kompyuta, ndi kuceza ndi agogo m'cinenelo cawo popanda kuwadelela.

Poyambila pali pafupi. Khalani nawo pa misonkhano ya PTA. Pitani ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu, kumene mafomu a mabasale a CDF amapita, muone amene amathandizidwa ndi amene samamva n'komwe kuti mafomu afika.

Makolo, dziŵani kuti nchito zambili zotele zimadalila ndalama za madona, ndipo makontilakiti ake nthawi zambili amakhala a caka cimodzi kapena ziŵili. Mwana wanu akasankha njila iyi, mulimbikitseni kukhalanso ndi luso lina m'manja, monga layisensi ya uphunzitsi.